Nosso, notre, noster: kodi onsewa ndi "wathu" mmodzi yemweyo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Ndaidula pang'ono:

"Aphunzitsi, ine ndimachita geni ya mbatatesi ndi nyemba. Ndimawoloka pa Dedza kukapikula katundu ku Angónia, nthawi zina mpaka ku Tete. M'midzi timamvana pa Chichewa, koma mu ofesi ndi m'tauni pamafunika Chipwitikizi, ndiye ndayamba kuchitolatola. Tsiku lina ndinati nosso casa, wapakauntala n'kuseka, n'kundiwongolera kuti a nossa casa. Nditafika kunyumba, mwana wanga amene akuphunzira Chifalansa ku sekondale anati kwawoko ndi notre basi. Apo ndinakumbukira malemu bambo anga, amene ankaimba Pater noster pa Misa yakale ija. Kodi mawu onsewa ndi amodzi? Nanga a Chipwitikizi amasinthiranji? Kapena mutu wangawu wakalamba?"

Mayi, mutu wanu uli bwinobwino. Mwamva nosso pakauntala, notre pakamwa pa mwana, mwakumbukira noster wa bambo anu, ndipo mwaganiza nokha kuti atatuwa ayenera kuti ndi amimba imodzi. Mwalasa. Ophunzira anga ena amatha chaka chathunthu asanazione zimenezo. Za wapakauntala uja musadandaule nazo: anakumvani, ndipo anakuphunzitsani mwaulere.

Tiyambire kwa malemu bambo anu, poti iwo ndi amene anagwira muzu. Noster ndi mawu a Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale, ndipo Pater noster ndi Atate athu yemwe timapempherayu. Mawuwa anaumbidwa kuchokera ku nos, kutanthauza "ife". Ankasintha malinga ndi dzina limene akulifotokoza: noster pa dzina lachimuna, nostra pa lachikazi, nostrum pa gulu lachitatu la mayina osakhala achimuna kapena achikazi. Aroma atalanda maiko onse ozungulira nyanja ya Mediterranean anayamba kuitchula mare nostrum, nyanja yathu, ngati kuti anaikumba okha.

Asilikali ndi amalonda a Roma anafalitsa Chilatini kuyambira kugombe la Portugal mpaka kudera limene lero ndi Romania. Ufumu wa kumadzulo utagwa mu 476, chigawo chilichonse chinatsala chikulankhula mwa njira yakeyake, ndipo m'kupita kwa zaka mazanamazana a ku Lisboa ndi a ku Paris analeka kumvana. Koma mawu a pakhomo, otchulidwa tsiku ndi tsiku, sanatayike. Lero Mtaliyana amati nostro, Msipanishi nuestro, Mpwitikizi nosso, Mfalansa notre, Mkatalani wa ku Barcelona nostre, ndipo wa ku Romania nostru. N'chimodzimodzi kuno kwathu: ife timati mwana wathu, Mtumbuka withu, Mswahili wetu, Mshona wedu, Mzulu wethu. Palibe anabwereka kwa mnzake, onse analandira kwa kholo limodzi.

Umboni wa ulendo umenewu ulipo wolembedwa. Pa 14 February 842, mumzinda wa Strasbourg, adzukulu awiri a mfumu Charlemagne, Louis ndi Charles, analumbirirana kuti adzagwirana manja polimbana ndi mkulu wawo Lothair. Analumbira m'zilankhulo za anthu wamba kuti asilikali amve, ndipo gawo lina la lumbirolo limawerengedwa ngati cholembedwa chakale kwambiri cha Chifalansa. Mumzere woyamba momwemo muli mawu akuti nostro commun salvament, chipulumutso chathu tonse. Ameneyo ndiye agogo ake a notre wa mwana wanu, akali ndi s wawo pakati.

Tsopano ku funso limene lakuvutani, la kusinthasintha. Ndikufunseni kaye: m'Chichewa, "wathu" ali ndi maonekedwe angati? Tiwerenge. Mwana wathu, ana athu, midzi yathu, khasu lathu, chitsime chathu, zitsime zathu, kamwana kathu, tiana tathu, kwathu, pathu, mwathu. Akwana 11. Tsinde ndi limodzi, -thu, koma kumutu kumasintha potsata gulu la dzina, ndipo inu simunaphonyepo chibadwire, ngakhale mutadzutsidwa pakati pa usiku. Chipwitikizi chili ndi anayi okha: nosso, nossa, nossos, nossas. Magulu a mayina alipo awiri, achimuna ndi achikazi, ndipo gulu lililonse lili ndi chimodzi ndi zambiri. Casa, kutanthauza nyumba, ndi dzina lachikazi. Mutati nosso casa, m'khutu mwa Mpwitikizi zinamveka monga mmene zimamvekera mlendo akati "nyumba lathu". Timamwetulira, timamumva, timamuwongolera.

Ndiulule kuti njira imeneyi sindinaitulukire ndekha. Nditangoyamba kuphunzitsa ndinkadzera ku Chingerezi, mmene ndinaphunzitsidwira ineyo. Ndinkalemba our pabolodi, n'kujambula mivi inayi yoloza ku nosso, nossa, nossos, nossas, anthu n'kumangondiyang'ana ngati ndikuwagawira ngongole. Our wa Chingerezi sasintha, ndiye aliyense ankaona ngati Apwitikizi akungovutitsa dala. Tsiku lina bambo wina wachikulire wokhala kumbuyo, amene anagwirapo ntchito ku Mozambique ali mnyamata, anakweza mkono n'kuti, "Aphunzitsi, kodi si wathu ndi yathu zimenezi?" Kalasi yonse inati "Ooo!" Ndinafufuta our uja, ndipo sindinamulembenso.

Pali msampha umodzi umene amayi ambiri amagweramo. Pothokoza, mwamuna amati obrigado, mkazi obrigada, ndiye munthu amaganiza kuti nosso ndi wa abambo, nossa wa amayi. Ayi. Obrigada amatsata wolankhula, pamene nosso amatsata chinthu chimene chili chanucho. Amayi khumi a gulu la banki m'khonde adzati o nosso dinheiro, ndalama zathu, chifukwa dinheiro ndi dzina lachimuna. Amuna okhaokha adzati a nossa casa. Monga mmene inu ndi amuna anu nonse mumanenera kuti khasu lathu.

Ntchito yeniyeni, tsono, yagona pa kudziwa gulu la dzina lililonse. Mayina ambiri othera ndi -o ndi achimuna, othera ndi -a ndi achikazi: o nosso saco, thumba lathu, o nosso milho, chimanga chathu, o nosso preço, mtengo wathu, a nossa batata, a nossa balança, sikelo yathu, a nossa conta. Koma alipo opanduka. Problema, dia ndi mapa amathera ndi -a koma ndi achimuna: o nosso problema, o nosso dia. Othera ndi zina muyenera kungowaloweza: o nosso feijão, nyemba zathu, o nosso camião, lole yathu, a nossa viagem, ulendo wathu, a nossa carne, nyama yathu, koma o nosso leite, mkaka wathu. Musafunefune chifukwa. Ife tinatenga sapato ndi carta kwa Apwitikizi omwewo, n'kupanga nsapato ndi kalata, n'kuziponya m'gulu la "yathu". Atakufunsani chifukwa chake kalata ili yathu pamene khasu lili lathu, mungayankhe chiyani?

Ndipo zilankhulo zapachibalezi sizigwirizana nthawi zonse pa nkhani ya magulu. Mkaka ndi wachimuna m'Chipwitikizi ndi m'Chitaliyana, o nosso leite, il nostro latte, koma m'Chisipanishi ndi wachikazi, nuestra leche. Mchere ndi magazi chimodzimodzi: o nosso sal, o nosso sangue, koma nuestra sal, nuestra sangre. Mtengo wa m'nkhalango watembenuza: a nossa árvore, koma nuestro árbol. Zina mwa zimenezi zinabwera chifukwa gulu lachitatu lija la Chilatini, la nostrum, linafa, mayina ake n'kugawidwa ngati ana amasiye, uyu kwa amalume, uyu kwa azakhali. Mapazi ake akuonekabe m'Chitaliyana, mmene dzira limodzi ndi lachimuna, il nostro uovo, koma mazira ambiri ndi achikazi, le nostre uova. M'Chiromaniya mayina otere alipo gulu lalikulu ndithu: trenul nostru, sitima yathu, koma trenurile noastre, sitima zathu.

Mwaona kuti wapakauntala uja sanangosintha nosso kukhala nossa, anawonjezeranso kamawu kakuti a kutsogolo. Timawu timeneti, o, a, os, as, timatsogolera dzina, ndipo Chichewa chilibe. M'Chipwitikizi cha ku Portugal, chimene masukulu ndi maofesi a ku Mozambique amatsata, kamawuka kamakhalapo: a nossa casa, os nossos filhos. Ku Brazil ambiri amakasiya n'kungoti nossa casa, ndipo nakonso n'kolondola kwawoko. Inu kaikeni. Chitaliyana ndi Chikatalani zimakaikanso: la nostra casa. Chisipanishi ndi Chifalansa cha lero sizikafuna n'komwe: nuestra casa, notre maison. Ataliyana ali ndi kalamulo kawo kapadera kakuti pa wachibale mmodzi kamawuka kamachoka, nostro padre, nostra madre, koma achibale akachuluka kamabwerera, i nostri fratelli.

Chimene chimasokoneza m'makalata ndi chakuti timawu timeneti timamatana ndi tinzake. De ndi a zikakumana zimakhala da, em ndi o zimakhala no. Mukaona da nossa empresa, "ya kampani yathu", kapena no nosso armazém, "m'nyumba yathu yosungiramo katundu", kapena na nossa loja, "m'sitolo yathu", musaganize kuti ndi mawu atsopano. Ndi nosso yemwe uja, wangovala jekete.

Nanga n'chifukwa chiyani noster mmodzi anabala ana osiyana nkhope chonchi? Chilankhulo chilichonse chinali ndi chizolowezi chake chotafunira mawu. Chitaliyana chinasunga pafupifupi zonse. Chisipanishi chinali ndi khalidwe loswa o wamfupi wotsindikidwa kukhala ue: porta anakhala puerta, chitseko, novus anakhala nuevo, chatsopano, nostrum anakhala nuestro. Chiromaniya chimaswa o kukhala oa pamene phatikizo lotsatira lili ndi ă kapena e, n'chifukwa chake pali nostru koma noastră ndi noastre, pamene amuna ambiri ndi noștri, wotchulidwa ngati "noshtri".

Chipwitikizi chinapera -str- mpaka kutsala -ss-. Chodabwitsa n'chakuti m'mawu ena sichinatero: mestre ndi mostrar akali ndi -str- wawo. Akatswiri ambiri amati nosso anaperepeseka chifukwa chotchulidwa kawirikawiri komanso mothamanga, monga mpini wa khasu umene umasalala pogwiridwa. M'zolembedwa zakale za ku Portugal ndi Galicia mumapezekabe Nostro Senhor, Ambuye athu, poti mawu a kutchalitchi sathamangiridwa. Chisipanishi chakale nachonso chinali ndi nuesso pambali pa nuestro, koma kumeneko wautaliyo ndi amene anapambana. Mnzake wa nosso, vosso, "wanu", anaperepeseka koposa apo: vossa mercê, mawu aulemu olankhulira munthu wamkulu, anafupika mpaka kukhala você amene mumamva tsiku ndi tsikuyu, ndipo vuestra merced wa Chisipanishi anakhala usted.

Mwana wanu wanena zoona, koma theka. Chifalansa chinameza mathero a mawu ambiri, kotero nostrum ndi nostra onse anathera pa nostre, kenako s anasiya kumveka. Ndiye pa chinthu chimodzi palibedi kusankha: notre père, notre mère. Koma zinthu zikachuluka ndi nos: nos parents, nos livres. Pa mayeso ana ambiri amalemba notres livres, ndipo amataya malikisi pamenepo. Muuzeni adziwenso kuti s wa nos samveka pa nos livres, koma dzina likayamba ndi lembo la liwu amadzuka n'kumveka ngati z: nos amis amatchulidwa "nozami".

Palinso nôtre wa kachipewa pamwamba pa o. Ameneyu amaima yekha popanda dzina, ngati mmene timanenera kuti "yathu ndi iyi": le nôtre, la nôtre, les nôtres. Kachipewako ndi chiliza cha s amene anamwalira uja. Dikishonale ya Académie française ya 1740 inachotsa s wosamveka m'mawu ochuluka n'kuika kachipewa m'malo mwake, n'chifukwa chake forest anakhala forêt, feste anakhala fête. Amene akufuna kuona s ali moyo ayang'ane dzina la wolosera uja wa ku France, Michel de Nostredame, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1503 mpaka 1566 ndipo dziko limamudziwa kuti Nostradamus. Dzina lakelo ndi lomwe lija la tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris, chimene chinapsa mu April 2019 n'kutsegulidwanso mu December 2024. Tanthauzo lake ndi Amayi athu, kunena Maria. Apwitikizi amati Nossa Senhora, ndipo mukamaonera masewero a pa TV a ku Brazil amene amakondedwa ku Mozambique aja, n'kumva munthu akufuula kuti "Nossa!", sakunena za katundu wake. Wadabwa, ngati ife tikati "Mayo ine!" Senhora anangotsala m'njira.

Pa zonsezi, chimene chimandisangalatsa ine ndi Chiromaniya, chifukwa chimayala mawu ngati ife. Dzina limatsogola, "wathu" n'kutsatira: casa noastră, nyumba yathu, prietenul nostru, bwenzi lathu, copiii noștri, ana athu. Chilatini chinkalola zimenezi, ndipo pemphero lija lasunga dongosolo lakalelo pafupifupi paliponse: Pater noster, Pai nosso, Padre nuestro, Padre nostro, Tatăl nostru. Pa amenewa, Afalansa okha ndi amene anatembenuza, Notre Père. M'Chipwitikizi cha tsiku ndi tsiku nosso amabwera pambuyo mukamanena za mmodzi mwa ambiri: um cliente nosso, kasitomala wathu wina. Amaimanso yekha pa mkangano wa pamsika: este saco é nosso, thumba ili ndi lathu. Chiganizo chimenecho chilowezeni lero lomwe, mudzachifuna potsitsa katundu.

Pali malo amodzi pamene Chichewa chimawasiya onse m'mbuyo, ndipo ndi pa "kwathu". Ife ndi mawu amodzi tanena mudzi, dziko, pakhomo ndi anthu ake. Iwo amachita kuzungulira. Mpwitikizi adzati na nossa terra akamanena za kumudzi, em nossa casa akamanena za pakhomo. Mfalansa amamusiyiratu notre n'kuti chez nous, Mtaliyana da noi, wa ku Romania la noi. Choncho wina ku Tete akakufunsani kumene mukupita, musayese kuumba mawu amodzi kuchokera ku nosso. Koma "athu" woima yekha, wonena za anthu akwanu, ameneyo alipo: os nossos, los nuestros, i nostri, les nôtres, ai noștri.

Tsopano chenjezo, poti inu nkhani yanu ndi ya ndalama. M'zilankhulo zonsezi "wathu" ndi "wanu" amasiyana lembo limodzi lokha loyamba: nosso ndi vosso, notre ndi votre, nuestro ndi vuestro, nostro ndi vostro. Chilatini cha m'mabuku chinkati noster ndi vester, koma anthu wamba ankati voster, ndipo ndi ameneyo anabereka. Pa foni, pamsika pali phokoso, n ndi v amamezeka mosavuta. Por nossa conta ndiye kuti "tilipira ife", por vossa conta ndiye kuti "mulipira inu". Mwini lole akanena chiganizo chotere pa nkhani ya mafuta kapena msonkho wa pachipata, musagwedeze mutu msanga. Funsani kuti quem paga?, alipira ndani, mpaka atchule munthu. Palinso seu ndi sua, amene angatanthauze "wanu", "wake" kapena "wawo", ndipo ameneyo ndi woterera kuposa vosso.

Kulakwitsa nosso ndi nossa polankhula sikungakutayitseni ngakhale tambala. Koma pepala lofuna siginecha yanu, kaya ndi mgwirizano wa ngongole, wa lendi ya malo osungira katundu, kaya mapepala a kasitomu, musalidalire Chipwitikizi chotolatola. Pezani munthu wodziwa bwino zilankhulo zonse ziwiri, amene sali mbali ya winayo, akuwerengereni mzere ndi mzere. Ngati ndi nkhani yofika kukhoti kapena ya ndalama zambiri, funani womasulira wovomerezeka, ngakhale alipiritse. Mwana wanu naye, ngati notre, nos ndi le nôtre zikumusokonezabe mayeso akuyandikira, apite kwa aphunzitsi ake ndi ziganizo zimene walemba yekha kuti amuchongere. Kuloweza tebulo kokha sikumuthandiza.

Pa katchulidwe muli ndi mwayi, chifukwa pa abale onsewa nosso ndi amene amagona bwino pa lilime la Mchewa. Enawo ali ndi -str- kapena -tr-, ndipo ife timakonda kulowetsamo timalembo ta liwu mpaka nostro asanduke "nositolo". Nosso amatchulidwa "nosu": o woyamba wotsegula pakamwa, o womaliza ngati u. Polemba musaiwale s awiri, chifukwa s mmodzi pakati pa malembo a liwu amamveka ngati z. Ndipo mukamva wina akuti "nosush", ameneyo ndi nossos wotchulidwa mwa ku Portugal.

Gulani kope laling'ono lokwana m'kachikwama ka m'chiuno. Tsamba lakumanzere mulembe o nosso pamwamba, lakumanja a nossa. Dzina lililonse latsopano limene mwamva ulendo umenewo mulilembe kumbali yake, pamodzi ndi Chichewa chake: o nosso recibo, lisiti lathu, a nossa carga, katundu wathu. Mukakayika, funsani wogulitsa yemweyo kuti "é o ou a?" Mayina a geni yanu si ochuluka, ndipo mukawoloka maulendo angapo mudzapeza kuti masamba awiriwo adzaza. Mukatero mundilemberenso, tidzakambe za seu ndi sua.